Nyumba ya a Mkwezalamba Yopanda Khomo

Ana inu mumati miyambi yonse inabadwa kalekale, makolo akuvala nyanda. Uwu wokha ine ndinauona ukubadwa ku Mponela, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwawa.

Mumpingo mwathu munali mkulu wina, a Mkwezalamba, munthu wabwino koma wosamva za mnzake. Ukangoyamba kuyankhula, iwo anali atamaliza kale kukuyankha. Mng'ono wawo Yotamu anadulidwa mumpingo chifukwa cha mowa, n'kupita kukagwira ntchito ku Joni, ndipo kwa zaka zinayi awiriwa sanayankhulane. Nkhaniyi inkawadya a Mkwezalamba ngati chiswe.

Atagula foni yatsopano, anatsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa Tiunikane, loti tizikambiranamo za chikhulupiriro ndi makhalidwe abwino. Anaikamo anthu makumi anayi, ine ndemwe, ndi Yotamu yemwe. Tonse tinkadziwa kuti ukondewo autchera nsomba imodzi.

Mayi Nangozo, mlembi wa mpingo, anapempha kuti awaonetse kayendetsedwe ka gulu.

"Ndadziwa kale, mayi," anatero a Mkwezalamba. "Ine ndinayendetsapo sitolo zaka makumi awiri. Kafoni aka kangandivute?"

Anadinadina okha, ndipo mosadziwa anatseka gululo kuti azilembamo iwo okha basi.

M'mawa uliwonse ankatumiza vesi ndi funso. Kodi mkwiyo ndi tchimo? Kodi wolakwa akhululukidwe kangati? Ife mayankho tinali nawo, koma polemba panalibe. Gulu lonse linali zii.

Si kuti sitinayese kuwauza. Ine ndinakumana nawo pachigayo.

"Abambo, gulu lija anthu sakutha..."

"Ndadziwa kale, aphunzitsi! Sakutha kusiya ulesi. Za mpira amalemba tsiku lonse, za Mulungu zala zimauma."

Anakwera njinga n'kundisiya kukamwa kuli yasa. Mayi Nangozo anawalembera uthenga paokha, koma iwo anangowerenga mawu oyamba, n'kuyankha kuti madandaulo onse apite pagulu. Pagulu pomwe panali potsekapo! Kunena zoona ndinapsa mtima, ndipo ndinawasiya kuti aone okha. Pamenepo nanenso ndinalakwa.

Sabata yachitatu analemba za mwana wolowerera, n'kumaliza ndi mawu awa: "Mphwanga Yotamu, ngati ukuwerenga, yankha liwu limodzi lokha. Ine ndakhululuka."

Tsiku linatha. Mawa lake foni inaonetsa kuti Yotamu watuluka m'gulu.

Lamulungu a Mkwezalamba anaimirira nthawi ya zolengeza, maso ali psuu, n'kuyamba kutiwerenga mayina mmodzimmodzi, ati ndife Akhristu a mitima ya mwala. Atafika pa dzina lachisanu ndi chiwiri, Mayi Nangozo anadzuka, napita kutsogolo, nawaikira foni m'manja.

"Abambo, lero musandidule. Lembani yankho apa."

A Mkwezalamba anayang'ana foni ya mayiwo, nafufuza ndi chala, nakonza magalasi. Pansi pake panali mawu oti wololedwa kulemba ndi woyang'anira gulu yekha.

"Watseka ndani?" anafunsa.

"Woyang'anira alipo mmodzi, abambo."

Atatuluka panja a Mkwezalamba anaimbira Yotamu ife tikumva, pakuti foni yawo inali yofuula.

"Achimwene," anatero Yotamu, "ine ndinawerenga, ndinalira. Mowa ndinasiya chaka chatha, ndimafuna ndikuuzeni pamaso pa onse aja amene anandidula. Ndikati ndilembe, palibe polemba. Ndinati basi, achimwene andiitana kuti ndizimva ulaliki, koma pakamwa anditseka ngati kale."

"Iwe Yotamu, ndadzi..." Anaima pomwepo. "Ayi, mphwanga. Sindimadziwa."

Gulu linatsegulidwa tsiku lomwelo, ndipo lilipo mpaka pano. Koma Yotamu anakana kubwereramo. Amayankhulana ndi mkulu wake mwa apo ndi apo, ndipo kumpingo sanapondekonso.

Pobwerera kunyumba, Mayi Nangozo anapukusa mutu nati, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Mawuwo anafala Mponela yonse.

Tanthauzo lake ndi ili: munthu wokana kulangizidwa amagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, koma amaphonya kanthu kakang'ono kamene aliyense akanamuuza, ndipo ntchito yonse imapita pachabe. Choncho wina akayamba kukuuzani kanthu, ana inu, mulekeni amalize. A Mkwezalamba akanapirira mawu ena asanu okha pachigayo paja, bwenzi mng'ono wawo atabwerera.