Dzina Lalitali la Nguluwe

Kalekale, Kangaude asanayambe kubisala m'madenga, analuka ulusi kuchokera pabwalo kufika pakhomo pa nyama iliyonse. Ukatchula dzina la mnzako pabwalopo, ulusi wake unkati njenjenje, dzungu limodzi la m'nkhokwe ya mudzi n'kutsetsereka mpaka kwa mwini dzina. Koma ulusi ulibe nzeru, ana inu. Unkafuna dzina ndendende momwe mwiniwake analinenera kwa Kangaude. Kungosiya mawu amodzi, zii.

Ndiye panali Nguluwe, chimimba ngati mtsuko. Anakhala pabwalo tsonga. "Wotchula dzina lina ndimuponda!" Basi kunali Nguluwe, Nguluwe, maungu gubudu gubudu kwa iye yekha. Kwa Nkhululu ana anagona ndi njala, wamng'ono mpaka anasiya kulira.

Nkhululu anapita kukagwada kwa Nguluwe. "Bwana, ine zikundiwawa. Thupi lanu lonseli, kadzina kanu kofanana kutalika ndi ka Nyerere?"

"Ee, ukunena zoona iwe! Ndiwonjezere chiyani?"

"Nguluwe Mwini Matope Onse."

Nguluwe anathamangira kwa Kangaude. Kangaude anamasula ulusi, n'kumanganso pa dzina latsopanolo.

M'mawa mwake Nkhululu uyo. "Bwana, nanga mano okongolawa mwawasiya?" Anawonjezera. Mkuja wake, "Nanga agogo anu?" Anawonjezera. Dzina linafika poti Nguluwe Mwini Matope Onse Wamano Onyezimira Mdzukulu wa Chiphaliwali Wosathawa Mvula Ngakhale ya Matalala. Kupusa kwake, abale!

Nyama zinayesa ndithu, poopa kupondedwa. Gwape anaiwala mano. Fulu anayambira ku matalala. Ulusi zii. Dzungu kwa Nguluwe osapitanso.

"Nkhululu!" anakuwa Nguluwe pabwalo. Njenjenje, dzungu ulendo kwa Nkhululu. "Nkhululu iwe, wandipusitsa! Nkhululu!" Gubudu, gubudu. Ana aja anadya mpaka wamng'ono anayambanso kuimba.

Nguluwe anafika kwa Kangaude ali wefuwefu. "Bwezera dzina langa lakale!"

"Chabwino, bwana," anatero Kangaude. "Tchulani latsopanolo lonse, ndidziwe ulusi woti ndimasule."

"Nguluwe Mwini Mano... ayi. Nguluwe Mdzukulu wa Matope... ayi. Ngu... ngu..."

Mpaka lero mukamupeza m'munda mwa chinangwa, mphuno m'dothi, akungoti ngu, ngu. Ndi pokhapo pamene akukumbukira.

Yanga yathera pompa, sonkhezerani moto. Inu amalume mukusekawo, amene mumafuna tizikutchani maina anayi tisanakupatseni moni, samalani. Tsiku lina mbale idzakudutsani tikadali pa lachiwiri.