Fani Itafera pa Khwekhwelere

Kalekale, osati kale la agogo anu ayi, kale la dzana lomweli, panali abale atatu a bere limodzi amene ankadyera lole imodzi. Wamkulu anali Layitoni, dalaivala wouma mutu. Wachiwiri anali Wedisoni, wokonza mawailesi pamsika. Chitsirizira anali Enelesi, wogulitsa usipa, mkazi wa pakamwa pakuthwa.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, ananyamuka ku Golomoti kukwera ku Dedza. Panjira anaimitsidwa ndi mayi wachikulire. Pansi pa mtengo panagona mwana wa mchimwene wa mayiyo, Nangozo, amene matenda a uchembere anamuyamba dzulo lake, mwana osatuluka. Azamba anali atanena kuti athamangire naye ku chipatala chachikulu kumtunda.

"Andiphwanyira usipa wanga amenewa," anadandaula Enelesi. Koma anasuntha matumba, odwala nakwera.

Inu amene munadutsapo pa Khwekhwelere mukuudziwa mtunda uja. Ali pakati pake, kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kanafika pofiira, madzi mu redieta nayamba kubwata. Layitoni anaponda buleki, nazimitsa injini. Fani yamagetsi yoziziritsa injini sinkazungulira.

"Bambo, yendetsani," analira azakhali aja. "Mwanayu akundifera m'manja."

"Mayi, nditukwaneni mmene mungathere, sindisuntha," anatero Layitoni. "Ndikaikakamiza, injini ifera pakona ili apoyo, ndipo tonse tithera m'phirimu."

Anatsegula kabokosi ka mafyuzi, napeza wa fani atapsa. Anazula wa hutala n'kuikapo. Nayenso anangoti phu. Dalaivala wina wodutsa anati, "Pindani msomali muikepo, ife timatero." Layitoni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Fyuzi sapsa dala. Pali waya wogunda chitsulo. Msomali wanuwo uyatsa lole, munthu ali m'mwambamo. Pitani nawo."

Apo Wedisoni anavula malaya n'kulowa pansi pa lole. Anayamba walumikiza fani molunjika ku batire, fani nizungulira. "Fani ndi yamoyo, achimwene. Wafa ndi waya." Anautsata wayawo ndi zala, chitsulo chotentha chikumusenda mikono, mpaka anapeza pamene makoswe anaudya. Loleyo inkagona pafupi ndi nkhokwe, ndiye makoswe ankaiyesa kwawo. Waya unali wodyekadyeka mpaka mkati mwa mtolo, mosalumikizika.

"Itanani makaniko wa ku boma," anatero dalaivala wa msomali uja.

"Mwana ali m'mimbayo amudikira makaniko wanuyo?" anayankha Wedisoni. Analowa kutsogolo, nazula waya wa masipika, amene mkulu wake ankawakonda kuposa ndiwo, nauyala kuchokera pa fani kukafika pa batire.

Koma bawuti wa pa batire anali atachita dzimbiri, sipanala ikungoterereka. Anamanga wayawo ndi mphira. Waya wa masipika ngwowonda, sunapangidwire moto wochuluka chotero. Unatentha, mphira inasungunuka, fani niima asanayende n'komwe.

Enelesi anang'amba chitenje chake, nakulunga zala. Batire inali m'mbali mwa lole, kuseri kwa mutu wa loleyo. Anagona chafufumimba pa matumba a usipa omwe aja, natsitsa dzanja, n'kukanikiza waya pa batire.

"Chemwali, upsa," anatero Wedisoni.

"Zala ndi zanga. Achimwene, lizani galimoto."

Ndikuuzeni, nkhani iyi ikafika apa ine ndimamva kutentha m'zala mwangamu. Lole inakwera ikubuula. Chitenje chinayamba kununkha, kenako khungu nalo linanunkha. Misozi inkatsika, koma Enelesi ankangotukwana phiri, kutukwana makoswe, kutukwana alongo ake, dzanja osachotsa. Wedisoni anali pambali pake atamugwira miyendo kuti asagwe. Layitoni anakwera ndi giya yotsika, diso limodzi pamsewu, lina pa kamuvi kaja.

Anafika. Madokotala anamuchita opaleshoni Nangozo, nabadwa mwana wamkazi, wamoyo, wamawu. Enelesi anamumanga mabandeji, ndipo zala ziwiri sizinawongokenso.

Mchombo utagwa, nthawi yotulutsa mwana m'chikuta itakwana, Nangozo anaitanitsa atatu aja. "Chuma ndilibe," anatero. "Koma kwathu kuno wotcha mwana dzina ndi mmodzi, ndipo mwanayo amakhala wakenso mpaka kalekale. Amene anandipulumutsa ndiye amutche."

Layitoni anati, "Ndinakana kuyenda, ndinakana msomali. Ndikanamvera anthu, bwenzi pano pali maliro."

"Achimwene, musatipusitse," anatero Wedisoni. "Faniyo inayamba kalekale kuimaima, inu mumangoigogoda ndi sipanala. Anapeza bala ndani? Anayala waya ndani?"

"Waya wanu womwewo ndi umene unandichita izi," anatero Enelesi, akukweza dzanja lake. "Inu nonse munabwerako athunthu."

"Si iwe unkalirira usipa, munthu akubuula pansi pa mtengo?" anamubwezera Layitoni.

Palibe anagonja. Azakhali aja anayesa kuti aliyense apereke lake, mayina akhale atatu, koma Nangozo anakana. "Mwana wanga si lole yoti aliyense akwezemo katundu wake."

Ndiye mwanayo akukula, wayamba kuseka, anthu akungomutcha Mwanayu. Ine musandiyang'ane, sindigamula, ngakhale mundikoke malaya. Mlanduwu ndautula pamaso panu. Wokana kuyenda uja, amenenso analekerera fani. Wotsata waya uja, amenenso waya wake unapundula mlongo wake. Kapena wopsa zala uja, amene poyamba anadera nkhawa usipa: ndani mwa atatuwa amutche mwanayu dzina?