Pankrasio ndi mng'ono wake wansembe

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Pankrasio, agogo awo a agogo anga. Anali ndi mng'ono wake, Atanazio. Onse awiri ankafuna unsembe, koma bambo awo atamwalira, mmodzi anayenera kutsala kuti azilimira amayi. Anatsala ndani? Wamkulu. Atanazio anapita ku seminale, Pankrasio anatsala ndi khasu.

Patapita zaka, Atanazio anabwera atavala mkanjo. Amayi ake omubereka anagwada pansi n'kumutchula kuti Bambo. Pankrasio anaima chapatali, matope ali m'miyendo, ndipo palibe anamuyang'ana. Wodzaza nkhokwe anali iye, wofolera denga anali iye, koma nkhuku yonona ankaphera Bambo. Anthu pomupatsa moni ankangomuti achimwene awo a Bambo, mpaka dzina lake linaiwalika. Mukuganiza kuti sizinkamuwawa, ana inu? Zinkamuwawa, koma sankauza munthu.

Kenaka kunabwera olamulira ena osafuna kumva za mapemphero. Anatseka tchalitchi, anatsitsa belu, nalamula kuti wansembe aliyense aperekedwe kwa asilikali. Anthu anauza Atanazio kuti athawe, koma iye anakana, nawafunsa kuti odwala awasiyira yani. Anabisala m'chigafa cha fodya cha mkulu wake. Mmenemo ankachita Misa monong'ona, mmenemo ankabatiza makanda, mmenemo ankamvera olapa. Pankrasio ankamupititsira chakudya tsiku ndi tsiku, koma akamva azimayi pachitsime akutamanda kulimba mtima kwa Bambo, mtima wake unkatentha. Kodi chigafacho sichinali chake? Zikanaululika, sakanaphedwa iyenso? Koma womutamanda panalibe.

Tsiku lina masana asilikali anamupeza akupalira chimanga, namufunsa kumene kunali wansembe. Sanamumenye, sanamuopseze n'komwe. Pankrasio anangoloza kuchigafa ndi mlomo.

Anamutulutsa Atanazio, namumanga manja, nasonkhanitsa mudzi wonse pabwalo. Anaponya mtanda pansi, namuuza kuti akauponda apita kwawo wamoyo. Iye anawerama, nautola ndi manja omangidwawo. Atamufunsa ngati ali ndi mawu otsiriza, anafunafuna mkulu wake m'khamulo ndi maso, nati, "Achimwene, zikomo pondisunga miyezi yonseyi. Unsembe wangawu munaulimira ndinu." Anamuwombera pomwepo.

Kodi Atanazio ankadziwa amene anamupereka? Palibe akudziwa mpaka lero. Pankrasio nayenso sanadziwe, ndipo funso limeneli linamudya moyo wake wonse.

Olamulira aja atachoka, anthu ankachokera kutali kudzapemphera pamanda a Bambo Atanazio. Wolambula mandawo anali Pankrasio, ndipo alendo ankamuyamika kuti ndi mbale wachikondi. Atakalamba, maso atachita khungu, anaitana ana ake n'kuwauza zonse, osabisa kanthu. Pomaliza anati, "Chamanyazi kwambiri n'chakuti tsiku la maliro, nditaona mmene anthu ankamulirira, ndinamuchitiranso nsanje ali mtembo."

Ndiye chifukwa chake m'banja lathu lino nsanje sitiisunga m'mimba. Mbale wako zikamuyendera, iwe n'kumva kuwawa, umapita kwa iye masana anthu akuona, n'kumuuza kuti, "Zakozi zikundiwawa." Mwina akuseka, mwina akukwiyira sabata yathunthu. Koma akwiya ali moyo.