Telala Amene Sankaphonya Mankhwala

Panali mayi wina, dzina lake Nangozo, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo m'tauni. Makina ake anali opalasa ndi phazi. Anawapalasa zaka makumi awiri, mpaka bondo lakumanja linayamba kukana. Nyumba yake inali kuphiri kumene minibasi sifika, ndipo mtunda umene kale ankakwera akung'ung'udza nyimbo za kwaya tsopano ankaupumira kanayi. Thupi nalo linali litabwera ndithu. Munthu wokhala pansi tsiku lonse sadziwa kuti akunenepa, amangodabwa kuti mpando wayamba kuchepa.

Kuchipatala anamuuza kuti bondolo likufunika opaleshoni, ndipo madokotala a mafupa, amene ankabwera kamodzi pachaka, adzafika pakapita miyezi inayi. Dzina anamulemba. Koma anamuuzanso mosapsatira kuti akapanda kutsitsa makilogalamu khumi sadzamukhudza, chifukwa thupi lolemera chotero, kuphatikiza magazi ake othamanga, kumugoneka patebulo kukanakhala kuika moyo wake pachiswe. Nangozo anamva bwino lomwe. Popanda bondo panalibe kupalasa makina, ndipo ntchito ina sankaidziwa.

Mwana wake wamkazi, amene ankagwira ntchito ku Joni, atamva nkhaniyi anatumiza katoni pabasi. Munali zitini za ufa wosungunula mumkaka, ndi timitanda tokulungidwa m'mapepala onyezimira, tooneka ngati chokoleti koma m'kamwa ngati utuchi wothira shuga. Pafoni mwanayo analankhula mothamanga poti anali pantchito. Anati zimenezo ndi za mapuloteni, kumeneko anthu ochepetsa thupi akudalira zomwezo, iye wagula ku famase, sitolo ya mankhwala, ndipo amayi asadumphitse. Pachitini panali malangizo, inde, koma m'Chingerezi, m'tizilembo toti maso amene atha zaka makumi awiri akulowetsa ulusi pasingano sakanationa.

Pa zonse zimene mwanayo ananena, Nangozo anagwirapo ziwiri: zagulidwa ku famase, ndipo sayenera kudumphitsa. Basi, ndiye kuti ndi mankhwala. Ndipo pa nkhani ya mankhwala panalibe womuphunzitsa. Malemu mwamuna wake anadwala zaka zitatu, iye ndiye ankamumwetsa, osaphonya ngakhale tsiku limodzi, mpaka anamwino ankamuloza akamalangiza ena. M'zaka zimenezo anasunga lamulo limodzi ngati la m'Baibulo: mankhwala samwera m'mimba mopanda kanthu. Uyambe wadya, kenako umwe, katatu patsiku.

Tsono Nangozo sanali munthu wodya katatu. M'mawa kwake kunali tiyi basi. Masana ntchito ikachuluka ankangoiwala, n'kudzakumana ndi mbale madzulo. Koma tsopano mankhwala anali atalamula. Anayamba kulawirira kuphika phala la nsinjiro kuti ufa wa m'chitini ukapeze pofikira. Dzuwa likafika paliwombo ankaitana mayi wa zitumbuwa, kapena kugula mbatata yootcha, ndipo akatha kudya m'pamene ankatsegula kamtanda. Madzulo chimodzimodzi. Masiku ambiri ankadya alibe njala n'komwe, kumeza modzikakamiza, akuusa moyo. Ufa uja unkamupatsa nseru, koma mankhwala okoma anawaonapo kuti?

Atelala anzake pakhondepo ankamuseka kuti kuchepetsa thupi kwa ku Joni n'kosiririka, kumabwera ndi zitumbuwa zake. Iye ankangoti nthawi idzanena. Masiketi atayamba kumuthina, anawasomola m'chiuno n'kuwakuza yekha. Limeneli ndiye tsoka la telala: chovala sichingamuchenjeze, chikangodandaula amachitseka pakamwa tsiku lomwelo. Anadziuza kuti mankhwala enieni amayamba autsa matenda asanawachotse. Sikelo za m'mbali mwa msewu ankazidutsa osayang'ana, ati zimanama.

Ndinene pano, musanayambe kumuweruza. Mayiyu sanali wadyera ndipo sanali waulesi. Miyezi inayi ija inali yowawa kwa iye kuposa miyezi ina yonse. Anatopa ndi kuphika, anatopa ndi kutafuna, anatopa ndi fungo la mkaka. Chinamulimbitsa n'choti akuchita zimene anauzidwa.

Tsiku litakwana anatsika phiri m'mawa asanalawe kanthu, chifukwa anamuuza kuti adzamuyeza magazi. Anakhala pabenchi mpaka dzina lake linaitanidwa. Anavula nsapato, anakwera pasikelo. Namwino anayang'ana, anamutsitsa, anamukwezanso. Makilogalamu khumi aja sanachoke. Panali pataonjezekera anayi.

Namwinoyo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, anamufunsa zimene wakhala akudya. Nangozo anatulutsa kamtanda m'chikwama ndipo anafotokoza zonse mwadongosolo, monyadira pang'ono, kuti sanaphonyepo ndipo sanamwerepo m'mimba mopanda kanthu. Namwino anatembenuza kapepala konyezimira kaja n'kuwerenga.

“Amayi, awa si mankhwala. Ichi ndi chakudya. Amene amadya ichi, ndiye kuti mbale ina aisiya.”

“Chakudya cha ku famase, mwanangu?”

“Ngakhale cha ku famase, amayi.”

Sanamukalipire. Mwina akanamukalipira zikanapepuka. Anangodula mzere padzina lake, analemba kuti chaka chamawa, anamuuza kuti adzabwere Lachitatu adzakambirane za kadyedwe, kenako anaitana wina. Pabenchi panali anthu ambiri ndipo madokotala anali ndi masiku atatu okha.

Nangozo anatuluka asakukhulupirira. Kanthu kochepa ngati sopo wotsala pang'ono kutha, kangakhale bwanji chakudya cha munthu wamkulu? Minibasi inamusiya m'tsinde mwa phiri dzuwa lili pamutu. Anakhala pamwala. Chidyereni dzulo, m'mimba munali mukulira, ndipo nthawi ya mankhwala inali itakwana. Tsidya lina la msewu mayi wina ankagulitsa chinangwa chophika. Nangozo anayang'ana msewuwo, anayang'ana bondo lake lotupa, ndipo mphamvu zowolokera analibe.

Ndiye anachita chimene sanachitepo m'moyo wake. Anang'amba kapepala, anadya kamtandako m'mimba mulibe kanthu, n'kumwera madzi a m'botolo. Atatero anakhala duu, kudikira chizungulire, kudikira kupotokola kwa m'mimba kumene ankakuopa zaka zonsezi. Anadikira ndithu. Chizungulire sichinabwere. Chimene chinabwera n'chakuti njala inaleka. Anakhuta.

Apo m'pamene analira. Kuchipatala misozi sinatuluke, koma pamwala paja inatuluka, mwakachetechete, anthu akudutsa. Anakumbukira mbale zonse za phala zimene anameza akuusa moyo, ndi zitumbuwa zimene anadya asakuzifuna, kuti chakudya chikapeze chakudya chinzake. Kenako anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anagwira mwala, anadzuka, n'kuyamba kukwera.

Inu amene mwandimvera, zitini ndi timitanda tija tinalibe mlandu. Si poizoni, komanso si chozizwitsa. Ndi chakudya chovala yunifolomu ya mankhwala. Kwa wina amene wasiya mbale yake n'kuikapo kamtanda, mwina kangamuthandize, ngakhale nyemba, mazira ndi usipa zimadziwanso ntchito yomweyo. Koma palibe cholowa pakamwa chimene chimapita kukachotsa chinzake chimene chalowa kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso lake si lalitali: ichi n'chiyani, ndipo chikulowa m'malo mwa chiyani? Yankho likakhala lakuti sichikulowa m'malo mwa kanthu, dziwani kuti mwangoonjezera mbale. Nanunso otumiza makatoni, musamalankhule mothamanga.

Ine ndatopa kuona anthu okhulupirika akuvulazidwa ndi kukhulupirika kwawo komwe. Kumvera n'kwabwino, sindikukana. Koma Nangozo anamvera miyezi inayi osaphonya tsiku, ndipo phiri lija analikwera chaka china chathunthu ndi bondo lomwelo.