Chulu cha Amake Nachanza

Kalekale, miyala ikadali yofewa ngati mbatata yophika, m'mudzi wina mudagwa njala. Ana inu, si njala iyi mumalira nayo masanayi ayi! Imeneyo ngakhale makoswe adasenza akatundu pamutu n'kusamuka!

Anthu adabalalika. Pakati pawo padali kamtsikana, dzina lake Nachanza. Amake adatsala, miyendo idakana, ndipo adamwalira komweko. Nachanza adakulira kutali, adakwatiwa kutali, adakalambira kutali. Mwamuna wake atamwalira, abale a mwamunayo adati, "Mayi, kwanu n'kuti? Kuno n'kwa eni."

Nachanza adamanga kamtolo, natenga ndodo. "Ndikupita kwathu. Ndikagona pamene adagona amayi."

Adayenda, adayenda, adayenda! Ndodo ija idatha mpaka kutsala kamtengo kotokosera m'mano!

Atafika adapeza nkhope zachilendo zokhazokha. Pamalo pa amake padali bwalo la a Kamtedza, bambo wa mimba ngati nkhokwe, mawu ngati bingu. Adali atakhala pachitsa chawo chokondedwa.

"Odi kuno!"

"Odini! Agogo, mwasochera?"

"Sindidasochere, bambo. Ndafika kwathu."

"Kwanu? Ho ho ho! Pano adalima agogo anga, adalima bambo anga, ndikulima ine. Chizindikiro chanu n'chiyani?"

"Apo padali mkuyu waukulu."

"Tidauotha kalekale, agogo!"

"Mtsinje unkadutsa kuseriko."

"Udasamuka chaka cha chigumula. Uli uko!"

"Padalinso chulu chimene amayi ankafulapo ngumbi. M'mbali mwake adakwirira mphika woti ngumbizo zizigweramo, mphika wa mizere itatu pakhosi."

A Kamtedza adaseka mpaka mimba idaomba m'manja. "Chulu! Agogo anga adachigumula, chidabwerera. Bambo anga adachigumula, chidabwerera. Koma ine! Ndidachigumula, ndidachipondaponda, ndidathirapo phulusa lamoto, chidathawa ndi manyazi! Taonani, pasalala ngati dazi langali. Mukachipeza pano, theka la munda n'lanu. Mukachisowa, kandodo kanuko kakutsogolereni."

Nachanza adayang'ana pansi. "Mudagumula denga lokha, bambo. Eni nyumba ali pansi. Ndidikira mvula."

Adatula kamtolo pakhonde la khola la mbuzi, nakhala. Dzuwa lidaswa mtengo. Nachanza ali phee! Akazi popita kumadzi ankamufunsa, "Agogo, alamu anu achiswe atumiza uthenga?"

"Akubwera," ankayankha choncho basi.

Koma maso ake sankagona ayi. M'mawa uliwonse ankaona timizere ta dothi lonyowa titakwera kutsinde kwa chitsa cha a Kamtedza. Mkazi wa a Kamtedza ankasesapo, psee! Mawa lake tabwerera. Asese, tabwerera. Asese, tabwerera! Nachanza ankangomwetulira m'mimba.

Kenaka mitambo idada bii! Mvula idagwa, khwaaa! Dothi lidanunkhira.

Tsiku loyamba, zii.

"Agogo, chulu chija chili kuti?"

"Dikirani, bambo."

Tsiku lachiwiri, zii.

"Agogo, kamtolo kaja mwamanga?"

"Dikirani, bambo."

Tsiku lachitatu a Kamtedza adati, "Lero likalowa dzuwali, mawa m'mawa nyamukani. Ndakudyetsani mokwanira."

Nachanza adayang'ana kamtolo kake. Akachoka pano alowera kuti? Koma adakumbukira mawu a amake akuti, "Chulu chathuchi chimatulutsa tsiku lachitatu, dzuwa likapendeka." Adalimbitsa nsagwada, maso pachitsa.

Dzuwa lidapendeka. A Kamtedza ali pachitsa, akufwenkha fodya. Mwadzidzidzi adadzidzimuka.

"Iwe mkazi wanga, ndani akundigirigisha kunsiku?"

"Palibe munthu, bambo."

"Ndati ndani akundi... Mayooo!"

Phuuu! Ngumbi! Ngumbi kutsinde kwa chitsa, ngumbi m'chilundu, ngumbi m'khwapa, m'makutu, m'mphuno! Kumwamba kudachita mdima! A Kamtedza adalumpha kupitirira denga, adavina gule amene sadaphunzire, miyendo uku, mimba uko! Nkhuku zidadya mpaka kuyenda chagada!

Nachanza adadzuka pang'onopang'ono. Adaponda pachitsa, nawerenga mapazi atatu chakum'mawa. "Kumbani apa."

Amuna adabwera ndi makasu. Adakumba, adakumba. Khasu lina lidati gobo! Adafukula ndi manja. Mphika! Nachanza adaupukuta pakhosi ndi nsalu yake. Mzere woyamba. Wachiwiri. Wachitatu.



Nachanza adagwada, naomba m'manja katatu. "Amayi, ndafika."

A Kamtedza adalavula mapiko a ngumbi, pthu pthu! Mawu a bingu aja adasanduka a mwanapiye. "Pepani, mayi, eni malo ndinu. Sankhani theka lanu."

"Theka ndililima ndi msana uti, bambo? Ndipatseni pompano. Ndimangepo kanyumba, ndipo tsiku langa likadzafika mudzandigoneke pafupi. Koma chuluchi, khasu lanu lisadzachikhudzenso."

"Ine? Ndingachiyandikenso? Chandilowa kale m'mphuno!"

Chitsa chidasunthidwa, ndipo chulu chidayambanso kukwera. Nachanza adafulapo ngumbi zaka zisanu ndi ziwiri ndi mphika womwe uja, akugawira mudzi wonse. Atamwalira adamugoneka pomwepo. Mudziwo udasamuka, mtsinje udasamukanso kawiri, koma mvula ikagwa, tsiku lachitatu dzuwa likapendeka, phuuu!

Basi, nthano yanga yathothoka mapiko ngati ngumbi, yathera pompa. Khasu limagumula zapamwamba, zapansi zimadikira mwini wake.