Galimoto Yosabwerera M'mbuyo

Yotamu Chikafa ankadziwa zonse, ndipo zochepa zimene sankazidziwa zinali zosayenera kudziwidwa. Ankajambula mapulani a nyumba mu ofesi ina ku Toronto, choncho ankakhulupirira kuti chilichonse chomangidwa ndi mabawuti chimamugwadira. Mkazi wake, Vainess, adagwira unamwino zaka zisanu ndi ziwiri ku Lilongwe, koma ku Canada mapepala ake ankangodyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Ankasambitsa nkhalamba kumalo osungira okalamba ku Scarborough, uku akuwerenga m'basi. Chipatala china chidamulonjeza ntchito akangokhoza mayeso a unamwino a mu Febuluwale 1976. Akawaphonya, malowo apita kwa wina.

Pamene mkazi ankatupa maso ndi mabuku, mwamuna naye anali pa ntchito yaikulu yotukula banja. Adagulitsa galimoto yawo yabwinobwino n'kugula Volkswagen yakufa, naisenda, naiveka thupi lapulasitiki lofanana ndi timagalimoto tampikisano ta Angerezi akale. Mipando inali iwiri yokha, banja lili la anthu atatu. Pamwamba adakhomapo denga lolimba, mabawuti khumi ndi awiri, kuti mphepo ya ku Canada idziwe kuti pali munthu wophunzira. Zonsezi ankachitira m'shedi ya Medson, mnzake wa ku Chipata, makaniko wa mabasi amene ankakhala ku Markham.

Chidatsala ndi ndodo yosinthira magiya. Yakaleyo inali yaitali ndi yopindika, ndipo Yotamu adati ikuoneka ngati mthiko. Adapita ndi Medson kusitolo ya zipangizo, wogulitsa n'kuwaikira ndodo ziwiri patebulo. Ina inali yakuda, yosasangalatsa, yopangidwira Volkswagen, ili ndi kapepala ka malangizo. Inayo inali yaifupi, yonyezimira moti munthu ukhoza kumetera ndevu, koma inali ya mtundu wina wa galimoto.

“Mudala, tengani yakudayi,” adatero Medson. “Giyabokosi yanu kuti ilowe rivesi, ndodo imafunika kuipusha pansi kaye. Yowalayi siitsika. Look, ilibe ngakhale sipuling'i.”

“Inu mumakonza mabasi,” adayankha Yotamu. “Iyi ndi sports car.”

“Pansi pake ndi Volkswagen.”

“Ndikudziwa kale zimenezo. Ndiimodifaya.”

Adaimodifayadi. Loweruka lonse adaipala, naiboola, naimenya ndi hamala mpaka idalowa, monga mmene phazi limalowera m'nsapato yobwereka. Kachitsulo kena kakale kadatsala pansi, iye n'kukaponya m'bini, ati opanga galimoto amaika zinthu zambiri zopanda ntchito. Magiya anayi opita kutsogolo adalowa bwinobwino. Medson atafunsa ngati rivesi aitesita, Yotamu adaseka nati munthu amene adachoka ku Dedza mpaka kufika ku Canada alibe chifukwa chobwerera m'mbuyo. Galimoto idamangidwa itayang'ana kukhomo, ndiye idangotuluka. Kwawo ku Scarborough nako adaiimika m'mbali mwa msewu, popanda chotchinga kutsogolo.

M'mawa wa tsiku la mayeso, Vainess adadzuka mdima usanathe, nasiya mwana wawo Naomi kwa oyandikana nawo. Adavala chikhoti, natenga zolembera, nalunjika kokwerera basi.

“Mukupita kuti?” adafunsa Yotamu. “Ndikudropani ine.”

“Bambo a Naomi, basi ndi subway, sitima yapansi panthaka ija, ndimazidziwa. Ndisiyeni lero lokha.”

“Mkazi wa Chikafa akalowe mayeso akununkha basi? Anthu adziwe kuti kwabwera nesi.”

Vainess ankaopa, ndipo mtima unkamuuza kuti akane. Koma ankadziwanso kuti akakana, nkhaniyo idzadyedwa pamodzi ndi chakudya chilichonse mpaka Khirisimasi. Adalowa, mawondo ali pachibwano.

Ulendo udayamba bwino, tisaname. Anthu ankatembenuka, ana a sukulu ankaloza, Yotamu n'kumasintha magiya ngakhale pamene panalibe chifukwa. Atafika m'katikati mwa mzinda adapeza mzere wa magalimoto kumbuyo kwa sitima yamumsewu. Kudatsala mphindi makumi atatu, ndipo nyumba ya mayeso inkaoneka poteropo. Vainess adati atsike ayende wapansi. Yotamu adati ayi, akudziwa njira yachidule, n'kukhotera m'kanjira kopapatiza pakati pa nyumba ziwiri zazitali.

Kanjirako kanali kotsetsereka, ndipo mbali zonse kudaunjikidwa chipale chimene chidauma gwa ngati njerwa. Kagalimoto kadadutsa kakukhula uku ndi uku. Kumapeto kunali geti yachitsulo, loko wamkulu ali lende.

“Bwererani,” adatero Vainess.

Yotamu adagwira ndodo yake yonyezimira, naikankhira pansi. Siidatsike. Adaikokera kumanzere, idalowa giya yachiwiri, galimoto n'kupsompsona geti. Adaipempha, adaitukwana m'Chichewa ndi m'Chingerezi, koma ndodo idangowala. Vainess adatsegula chitseko, chidangosuntha pang'ono n'kugunda chipale. Cha Yotamu chimodzimodzi. Timawindo tinali tating'ono toti n'kutulukira mphaka, ndipo denga lidagwira monga mwini wake adafunira.

Yotamu adaliza hutala mpaka idasasa mawu. Mlonda wina adabwera patapita nthawi, nawayang'ana ngati nsomba za m'chitini, nati kiyi wa getiyo ali ndi bwana wake amene amafika masana. Adapita kukaimba foni. Vainess sadalire, sadakalipe. Adangoyang'ana wotchi yake ya unamwino, singano ikudutsa naini koloko, kenako hafu pasiti.

Galimoto yokoka anzake idafika cha m'ma teni, niwatulutsa chafutambuyo, anthu a m'maofesi akuonerera pamawindo. Anthu adadziwadi kuti kwabwera nesi. Vainess adathamanga, nagwa kamodzi pachipale, nadzukanso. Pakhomo la mayeso adapeza mayi waulemu kwambiri amene adamupepesa katatu konse, koma chitseko sadatsegule. Sabata yotsatira chipatala chija chidalemba munthu wina.

Madzulo a tsiku la mayesolo Medson adabwera kunyumba, atanyamula ndodo yakuda ija m'kathumba. Adapeza Yotamu atayamba kale kuchira.

“Vuto si ndodo ayi,” ankafotokoza. “Vuto ndi city. Kanjira kotero kamafunika chikwangwani.”

“Chikwangwani chinalipo,” adatero Vainess, akusita yunifolomu yake yosambitsira nkhalamba. “Ndinakuwerengerani. Munati mukudziwa kale.”

Adapinda yunifolomuyo, nauza Medson kuti ndodoyo aiike m'galimoto, kenako galimotoyo aipezere woigula. Adauzanso mwamuna wake kuti kuyambira mawa adzidzuka faifi koloko kuphikira Naomi phala, chifukwa iye akuyambiranso mabuku chaka china chathunthu, m'basi momwemo. Yotamu adayang'ana nkhope ya mkazi wake, napita kukatchera wotchi pa faifi koloko.

Akuluakulu amene sadaonepo Volkswagen, ngakhale chipale, adamuona Yotamu kalekale. Paja adati: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.