Nkhanga za pa Khoma la Sungeni

Kalekale, koma kale lake la mafoni omwewa, kunali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, dzina lake Sungeni. Ankajambula nkhanga pa khoma la nyumba ya amake ndi dothi lofiira, makala ndi phulusa. Akamaliza ankazitola chithunzi n'kutumiza ku gulu la achinyamata ojambula pa intaneti. Sanaganize kuti potumiza nkhangazo akuonetsanso nyumba yomwe amagonamo.

M'gulumo munabisala chidyamakanda, munthu waimvi ngati ine, wodzitcha mphunzitsi wa luso. Chinalembera Sungeni kuti, "Bwera kutauni ndikutchukitse." Sungeni atakana, chinakwera minibasi kudzamufuna.

Pachigayo chinakumana ndi a Mpinganjira, bambo ake a mtsikanayo, n'kuwaonetsa chithunzi. "Madala, nyumba iyi ili kuti?" Iwo ataona kuti ndi nyumba yawo yomwe, anachilozera dala kutali, kutsidya la mtsinje. Koma poti anali mkamwini, wopanda mawu pa mwana wobereka yekha, kunyumba sanakanene kanthu. Anangopalasa njinga kukauza alamu awo. Ukamwini ine ndakhalamo zaka makumi anayi, fungo lake ndikulidziwa.

Amalume, a Kadzamira, anafika ali wefuwefu. Mwana sanamufunse kanthu. "Bweretsa kuno chinthucho!" Anaponya foni m'chimbudzi, n'kuitanitsa madzi osamba m'manja ngati agwira ntchito yaikulu.

Amake a mwanayo, Nangondo, anakanda dothi lakuda n'kumata khoma lonse, kufafaniza nkhanga za miyezi isanu. Mawa lake chidyamakanda chinadutsa pakhomopo kawiri osaizindikira nyumbayo, mpaka chinatopa n'kubwerera kwawo.

Mwana anapulumuka, sindikukana. Anapha tambala wa chikondwerero, ndiye taonani anthu akuluakulu atatuwa akulimbirana nthutumba, nthuli ya munthu wolemekezeka.

"Ndinamusocheretsa ndine," anatero bambo aja.

"Alamu, khalani chete. Mbumba ndi yanga ino."

"Achimwene, khoma lija munamata ndinu?" anatero Nangondo.

Sungeni anayankhula chapansipansi: "Mukanandiuza, ndikanamuchotsetsa m'gulu munthuyo, n'kumajambula pa katoni." Palibe anatembenuka, milomo ili noninoni ndi mafuta. Chiyambire tsikulo mwanayo sanagwirenso khala, amangokhala pakhonde manja ali m'khwapa. Zimandinyansa.

Tsono inu amene munapita kusukulu, tandiuzeni. Nthutumbayo adye ndani: amene anasocheretsa mdani koma n'kuopa kuyankhula m'nyumba mwake, amene anataya foni, kapena amene anafafaniza nkhanga? Kapena tingoiponyera galu, poti mwa atatuwa palibe anafunsa mwini luso?